Kalata kwa Mphwanga: Za Mdani wa Platinamu

Wokondedwa mphwanga,

Popeza wafunsa chifukwa chake chipangizo chotchedwa fuel cell, chimene chimabala magetsi pokumanitsa haidrojeni ndi okosijeni osasiya utsi koma madzi okha, chachedwa chotere kufala, ndaona kuti nkoyenera ndikulongosolere za mmodzi mwa adani ake, amene akatswiri akhala akulimbana naye kwa zaka zochuluka ndithu.

M'chaka cha 1839, William Grove, mbadwa ya ku Swansea amene pambuyo pake anadzakhala woweruza milandu, anaonetsa kuti mipweya iwiriyi, uliwonse ukatera pa platinamu wakewake, imatulutsa magetsi, pakuti haidrojeni akatera pa chitsulo chamtengo wapatalicho amagawanika, namasula maelekitironi amene amayenda m'waya. Tsono haidrojeni wochuluka wa m'mafakitale sachokera m'madzi okha ayi. Amam'patula ku gasi wa pansi pa nthaka pouphika ndi nthunzi, ndipo ngakhale am'sefe bwanji, mumatsalira kampweya kotchedwa carbon monoxide. Iwe umaudziwa mpweya umenewu, chifukwa ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka: monga magazi amaugwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kufikira munthu akomoka, momwemonso umakakamira pa platinamu nutsekereza malo amene haidrojeni akadaterapo, kotero kuti m'chipangizo chotentha madigiri 80 okha, magawo 10 pa miliyoni akwanira kufooketsa mphamvu yake.

Mankhwala oyamba anachokera ku kampani ya General Electric, yomwe inapanga zipangizo zopereka magetsi m'zombo za mumlengalenga za Gemini. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1960, Leonard Niedrach ndi anzake anaona kuti platinamu akasakanizidwa ndi chitsulo china chotchedwa ruthenium amapirira koposa, pakuti ruthenium imatenga okosijeni m'madzi mosavuta, ndipo okosijeni ameneyo amasandutsa mdaniyo kukhala carbon dioxide, amene sakakamira koma amachoka. Nzeru imeneyi ndimailemekeza kwambiri, chifukwa kufikira lero ikutumikirabe, makamaka m'makina a Ene-Farm amene anayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2009, opatsa mabanja magetsi ndi madzi otentha kuchokera ku gasi wa m'mapaipi.

Mu 1988, Shimshon Gottesfeld wa ku Los Alamos anayesa chinthu chimene ambiri akadachiopa: analowetsa okosijeni wochepa mwadala m'njira ya haidrojeni, kuti atenthe ululu wa carbon monoxide pa platinamu pomwepo. Njirayi inathandiza, koma ili ndi mtengo wake, popeza imatenthanso haidrojeni wina, ndiponso m'kupita kwa nthawi imafumbwitsa kachikopa ka pakati pa chipangizocho. Kenaka chapakati pa zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku Case Western Reserve University anakonza kachikopa ka mtundu wina koviikidwa mu phosphoric acid, kotha kugwira ntchito pa madigiri 160 kapena kuposerapo. Pa kutentha kotere carbon monoxide salimba kugwira, ndipo chipangizo chimapirira ngakhale gawo limodzi pa 100. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha, mphwanga. Palibe mmodzi amene anathetsa vutoli tsiku limodzi.

Usaiyese nkhani ya kutali, pakuti platinamu wochuluka wa dziko lonse, pamodzi ndi ruthenium yemwe, amakumbidwa ku South Africa, m'migodi monga ya ku Rustenburg, ndipo kachidutswa kalikonse kamene katsekerezedwa ndi ululu ndi thukuta la wokumba limene lapita pachabe.

Pa haidrojeni woyendetsa galimoto, muyeso wa ISO 14687 sulola carbon monoxide woposa magawo 0.2 pa miliyoni, ndipo kufikira ukhondo wotere kumadya ndalama. Nchifukwa chake ine ndimaona kuti, ngakhale njira zonsezi nzoyamikika, yopambana ndiyo kupatula haidrojeni m'madzi ndi magetsi a dzuwa kapena a mathithi, chifukwa m'madzi mulibe carbon yoti nkubala ululuwo. Ukafika posankha phunziro lako la chaka chomaliza, uyang'ane kumeneko, ndipo undilembere zimene aphunzitsi ako adzanene.

Ndine mkulu wako wokukonda.