Ulendo Woyamba wa ku Chilumba cha Likoma

Anthu a maiko ozizira a kutali amasunga ndalama chaka chathunthu kuti akapumule masiku owerengeka pa zilumba za maiko otentha, monga Zanzibar ndi Mauritius, kumene kuli mchenga woyera ndi madzi ofunda. Ife zotere tili nazo kwathu konkuno, pakati pa Nyanja yathu, koma ambiri a ife tikalamba osapondako phazi. Tsono mwezi uno tifuna kukamba ndi inu, atate ndi amayi a pa banja, za chilumba cha Likoma, ndi za makonzedwe oyenera banja limene lifuna kukachiona koyamba. Mawu aakulu amene tikupemphani kusunga ndi awa: ulendo wa pa mtunda mwini wake ndinu, koma ulendo wa ku chilumba eni ake ndiwo mphepo ndi sitima. Wodziwa ichi asananyamuke adzapita ndi kubwera mokondwa.

Chilumbacho

Likoma ndi chilumba chaching'ono, cha masikweya kilomita 18, kotero kuti munthu wamphamvu akhoza kuyenda kuchokera ku nsonga ina kufikira ku inzake tsiku lisanapendeke. Kumadzulo kwake kuli chinzake chochepa koposa, dzina lake Chizumulu. Zilumba ziwirizi zinakhala boma pazokha m'chaka cha 1999, pakuti kale zinali pansi pa Nkhata Bay. Ndipo pa kalembera wa 2018 anapezako anthu pafupifupi 14,500.

Chodabwitsa ndi ichi: zilumbazo ndi za Malawi, koma madzi ozizinga ndi a Mozambique. Munthu ataima pa gombe la kum'mawa aona mapiri a Mozambique pafupi zedi, ndipo mudzi wa Cobue uli makilomita 7 okha. Koma mtunda wa kwathu uli kutali, kumadzulo, uoneka ngati mtambo wa buluu. Chifukwa chake n'chakuti amishoni Achingelezi a UMCA anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. Tsono pamene Angelezi ndi Apwitikizi anagawana malire, zilumbazo zinatsalira Angelezi, nizikhala za Nyasaland, dziko limene litchedwa Malawi lero. Potero Mmalawi wopita ku Likoma safuna pasipoti, angonyamula chiphaso chake cha unzika. Koma wofuna kuolokera ku Cobue adziwe kuti akulowa m'dziko la eni, ndipo ayenera kukhala ndi zikalata za pa malire.

Kusankha nyengo

Choyamba chimene banja liyenera kupangana si ndalama ayi, koma mwezi. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti pa Nyanja pamaomba mwera, mphepo yozizira yochokera kum'mwera. Iyo iyenda ulendo wautali pamwamba pa madzi popanda phiri loitchinga, niutsa mafunde aakulu, ndipo nthawi zina iomba masiku atatu kapena anayi osaleka. Asodzi okalamba aiopa, ndipo saiopa chabe. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano, dzina lake Vipya, inagubuduzika m'namondwe kumpoto kwa Nyanja, pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Sitikumbutsa zimenezi kuti tikuopsezeni, koma kuti mulemekeze Nyanja, imene m'malo ena kuya kwake kufika mamita 700.

M'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Malichi, mphepo itembenuka nichokera kumpoto, ndipo mvula yamkuntho igwa modzidzimutsa; udzudzu uchuluka, misewu yopita ku madoko iterera, ndiponso kumunda kuli nchito yosasiyika. Itsala tsono nyengo ya malimwe, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufikira Okutobala. Pamenepo mwera watha mphamvu, madzi ali bata ndi oyera, zokolola zili m'nkhokwe, ndipo wogulitsa fodya, mtedza kapena soya ali ndi kangachepe m'thumba. Koma musaiwale kuti miyezi yomweyo ndiyo yososa ndi kugalauza. Yambani mwatsiriza mizere yanu, kuti mvula yoyamba ingakupezeni muli tsidya lija la Nyanja, munda uli thengo.

Za sitima

Sitima imene yakhala ikutumikira zilumbazi kwa mibadwo itatu ndiyo Ilala. Inapangidwa ku Scotland, pafupi ndi Glasgow, m'chaka cha 1949. Anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, nailumikiza kuno, niyamba kuyenda mu 1951. Utali wake ndi mamita 52, ndipo ulendo wake wozolowereka ndiwo wochoka ku Monkey Bay kunka ku Chilumba, kumpoto, ndi kubwerera, kamodzi pa sabata. Anthu a m'Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto ambiri akwerera ku Nkhata Bay, pakuti kuchokera kumeneko kuoloka kwake n'kwa maola owerengeka.

Tsono sitima ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri ili ngati gogo wa pamudzi: ayenda ndithu, koma nthawi zina agona kuchipatala. Pali masabata amene Ilala imaima kuti ikonzedwe, ndipo masiku ake ofika pa madoko amasinthika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musagulitse mbuzi, musatsazike abale, musanafunse ku doko kapena kwa munthu wokhala kumeneko ngati sitima ikuyenda sabata limenelo. Ndipo mutamva ola lake, fikani msanga, koma konzekani kudikira. Ikhoza kufika usana, ikhoza kufika pakati pa usiku.

Aliponso mabwato a injini amene aoloka pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba. Pa amenewa tikuchenjezani kolimba. Mukaona bwato ladzaza matumba ndi anthu kufikira madzi ayandikira m'milomo mwake, musakweremo, chinkana mwalipira kale. Funsani ngati muli zovala zoyandamitsa munthu, ndipo ana muwaveke bwato lisanachoke. Eni bwato akanena kuti lero mphepo yaipa, musawakakamize. Kutaya tsiku limodzi si kanthu.

M'sitima muli malo a mitengo yosiyana. Pansi ndi potsika mtengo, koma pothina, pakuti mukhala pamodzi ndi matumba a chimanga, madengu a usipa ndi nkhuku. Pamwamba pali mpweya wabwino, koma usiku kuzizira, tsono bulangete lisatsale ngakhale m'mwezi wotentha. Amene sanakwerepo sitima kawirikawiri amva chizungulire ndi nseru. Mankhwala ake ndi kudya pang'ono, kukhala cha pakati pa sitima kumene sikugwedezeka kwambiri, ndi kuyang'ana kutali kumene madzi akomana ndi thambo. Pokwera ndi potsika anthu amakankhana; pamenepo atate agwire katundu, amayi agwire ana, ndipo wamng'ono akhale kumsana.

Ndalama ndi kamba

Tikulangizani kuti ndalama za ulendo muzigawe miyulu inayi musanachoke pakhomo. Mulu woyamba ndi wa galimoto yopita ku doko ndi kubwerera. Wachiwiri ndi wa sitima, kupita ndi kubwera komwe. Wachitatu ndi wa malo ogona ndi chakudya. Wachinayi, umene ambiri auiwala, ndi wa masiku ochedwa. Pakuti munthu wa pa mtunda ndalama zikamthera akhoza kuyenda pansi kapena kubwereka njinga, koma wa pa chilumba alibe njira ina: sitima ikalephera kubwera, akhala komweko, nadya, nalipira pogona kufikira itafika. Mulu wachinayiwu ukwanire sabata lathunthu, ndipo ausunge amayi, osaukhudza. Mukabwera nawo wosatha, ugula mbewu. Mulu uliwonse ukapanda kukwanira, dikirani chaka chamawa. Ulendo wokondwerera suyenera ngongole, kapena kutapa m'nkhokwe ya ana.

Nthaka ya Likoma ndi yamiyala ndi yamchenga. Anthu alima chinangwa ndi timinda tating'ono, koma chimanga chambiri, shuga, sopo, ngakhale nkhuni zina, zifika pa madzi kuchokera ku mtunda wa Malawi kapena wa Mozambique. Chifukwa chake zinthu za m'sitolo zikwera mtengo kuposa kwanu, pamene nsomba ndiyo ipezeka mosavuta. Banja lanzeru linyamula ufa wake, nyemba, mtedza ndi mchere. Ndipo ngati mukafikira kwa abale kapena abwenzi, kathumba ka ufa woyera ndi mphatso imene adzaiyamika koposa nsalu. Ndalama zina zikhale za m'manja, osadalira za pa foni pokha, ndipo muzikulunge m'pulasitiki pamodzi ndi ziphaso, pakuti pa bwato zonse zinyowa.

Kusunga moyo

Matenda awiri ayenera kuwakonzekera. Oyamba ndi malungo: nyamulani neti yanu, ndipo aliyense agone m'menemo usiku uliwonse. Mwana akatentha thupi musadikire kubwerera kwanu. Pa chilumba pali chipatala cha St Peter's. Achiwiri ndi likodzo. Tizilombo take tikhala mu nkhono zazing'ono za m'madzi odikha, makamaka pa bango ndi pa madooko pamene anthu ambiri asamba ndi kuchapa, ndipo tilowa pa khungu munthu osamva kanthu. Sambani pamene pali mafunde ndi miyala, kutali ndi bango. Ndipo patapita miyezi iwiri mutabwerera, pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'Nyanja, pakuti mankhwala ake alipo. Madzi akumwa muziphitsa. Ana a kumtunda sadziwa kusambira ngati ana a kunyanja, amene aphunzira madzi pamodzi ndi kuyenda. Tsono asalowe okha, ndipo funsani eni dera malo amene kulibe ng'ona.

Zimene mukaone

Mutatsika, choyamba kukudabwitsani ndi milambe, mitengo ikuluikulu yoima pakati pa miyala ponseponse, ndi mitengo ya mango yopatsa mthunzi m'midzi. Mukakwera pang'ono kuchoka ku doko mufika pa Chipyela. Dzinali likumbutsa kupsa, pakuti kale pamenepo ankatenthapo anthu oganiziridwa ufiti. Pamalo omwewo paima tsopano tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, cha abale athu a mpingo wa Anglikani. Mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Utali wake uyandikira mamita 100. Miyala yake inaphwanyidwa pa chilumba pomwepo, koma zina zambiri zinadza pa madzi. Wolowamo aone mazenera a magalasi amitundumitundu ndi mipando yosemedwa, ndipo alowe mwaulemu monga m'nyumba ya mapemphero. Mmodzi wa amene anayamba mishoniyo, Chauncy Maples, sanachione chomangidwa: anamira m'Nyanja mu 1895, atangodzozedwa kumene kukhala episkopi.

Koma musathere masiku onse pa zomangidwa. Khalani pa mwala m'mawa, madzi ali phee, muyang'ane pansi: mudzaona mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere, timene mitundu yake yambiri sipezeka m'nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Apa mpamene mudzamvetsa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina mudzaona ngati utsi wakuda ukukwera pakati pa Nyanja, monga kuti madzi akupsa. Imeneyo ndi nkhungu, touluka tating'onoting'ono toswedwa m'madzi, timene anthu a kunyanja amatikola m'malichero ndi kuumba ndiwo. Usiku wopanda mwezi nyali za asodzi a usipa zindandalika pa madzi ngati mudzi woyandama. Ndipo mukachita mwayi mudzapeza anyamata akuvina malipenga, atavala zoyera, akuliza zikho zawo.

Ulemu wa mlendo

Anthu a ku Likoma alankhula Chinyanja cha kwawo. Mudzamvana nawo, chinkana mawu ena adzakhala achilendo m'makutu mwanu. Musawaseke, pakuti kumeneko wolankhula mwachilendo ndinu. Perekani moni musanafunse njira. Musajambule munthu osapempha, musaponde makoka oyanikidwa pa mchenga, musakhudze nsomba za pa thandala. Pa dooko pali mbali ya amuna ndi mbali ya akazi; funsani musanavule. Zinyalala zanu musataye m'madzi, chifukwa madzi omwewo ndiwo chitsime chawo ndi munda wawo.

Chotsiriza, musanatseke chitseko, pezani munthu wokhulupirika wosunga nkhokwe, mbuzi ndi nkhuku, ndipo mumuuze kuti tsiku lobwerera mulidziwa pang'ono pokha. Anansi akadzaona sabata lapitirira inu osafika, asadzayambe kuda nkhawa. Adzangoti, mphepo yawagwira. Tsono kambiranani pa banja madzulo ano, muwerenge miyezi, muyambe kuika padera kangachepe. Ndipo ana muwauze msanga, kuti nawonso athandize kukonzekera. Muyende bwino.