Mabuleki a Motoka ya Atate

Amai ananena akusankha kapenta m'mbale, osandiyang'ana n'komwe: "Kokaika mwala pamanda a atate ako tidzapita ndi motoka yao. Basi ine sindikwera."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Motoka imene anali kunena ndi Peugeot 504 yoyera, imene inakhala pansi pa mtengo wa mango pa yadi yathu ku Matero kwa zaka zitatu, kucokera pamene tinaika atate kumudzi ku Katete. Nkhuku za aneba zinali kuikira mazira pansi pake. Ana a m'komboni anali kuicha "ambuya". Inu amene munabadwa Corolla ndi Vitz zitadzaza kale mu Lusaka mwina simudziwa kuti motoka iyi inali mfumu ya miseu ya mu Africa. Inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1975 inawina Safari Rally ku Kenya. Azungu ataleka kuipanga kwao, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuimanga mpaka zaka za m'ma 2000. Atate anaigula yogwirapo kale nchito ine ndili mwana, ndipo ndiyo inatidyetsa: usana ndi usiku inali kunyamula anthu, mbuzi, malata, ngakhale maliro.

Injini sinavute. Batire yatsopano, petulo watsopano, kupukuta mapulagi, inakhosomola kawiri n'kulira. Vuto linaoneka nditaizungulitsa m'komboni. Nditaponda mabuleki, phazi langa linayamba kunjenjemera, ndipo kutsogolo kunamveka phokoso ngati munthu akukwecha poto ndi supuni.

Kusukulu ndimaphunzitsa sayansi. Caka ciliconse ndimalemba pa bolodi kuti mabuleki saononga mphamvu ya motoka yothamanga, amangoisandutsa kutentha. Kuti liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikiza kanai. Ana amalemba m'mabuku, ena amagona. Tsiku limenelo ndinakumbukira Great East Road, mapiri a Manenekela, mseu umene umakhotakhota kutsikira ku Luangwa Bridge, amai ali pambali panga, mlongo wanga ndi ana ake awiri kumbuyo. Makilomita pafupifupi 500. Masamu a pa bolodi aja anandiuma pakhosi.

Ndinaganiza zocita nchitoyi ndekha. Cifukwa coyamba cinali ndalama, malipiro a ticha mumawadziwa. Caciwiri cinali matama: munthu wa digiri, wokhala ndi YouTube m'thumba, angalephere bwanji mabauti? Amai sanatsutse. Anangotuma mwana kukaitana mnzao wa atate, makanika wacikulire amene tinakula tikumucha amalume ngakhale palibe cibale.

"Ba Ticha," anatero atafika pa Ciwelu m'mawa, "imwe muzagwira sipana. Ine nizankala cabe pa mpando."

Masipeya anali atandizunguza kale mlungu wathunthu. Anyamata a m'mashopu ena m'tauni anali kundifunsa kuti, "504 ni Toyota bwanji?" Pa shopu ina anandigulitsa mapadi akulumbira kuti ndi omwewo, kufika kunyumba, sanalowe, ndipo ndalama anakana kubweza. Kucokera pamenepo ndinayamba kuyenda ndi padi yakale m'cikwama ca mabuku, kuyerekeza kabowo ndi kabowo. Madisiki awiri ndinawapeza kwa mdala wina amene anawatulutsa pansi pa shelefu ali ndi fumbi la zaka.

Lamulo loyamba la amalume: jeki ndi yokwezera, si yogonera pansi pake. Tinaika zitsulo zocirikiza motoka, miyala kumawilo akumbuyo. Laciwiri linabwera nditafuna kuuzira fumbi lakuda la pa kalipa ndi pakamwa. Anandimenya ndi cipewa. Mapadi akale ambiri anali ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka. Tinapukuta ndi nsanza yonyowa. Kalipa tinaimangirira ndi waya pa sipuling'i kuti isalendewere pa paipi ya labala ya mafuta.

Ndiye ndinasolola mapadi a kumanja.

Padi imakhala ndi mbali ziwiri: citsulo kumbuyo, ndi mnofu wolimba kutsogolo umene umakhudza disiki n'kumatha pang'onopang'ono. Pa mapadi a atate mnofu unalibe. Cinatsala ndi citsulo cokha, conyezimira, ndipo disiki inali ndi mizere yakuya yoti cikhadabo cimakodwa, ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe. A kumanzere anali a mtundu wina, otsala pang'ono.

"Benze kugula mbali imodzi imodzi," anatero amalume. "Salaula. Ku last benze kuimika na magiya na handibuleki."

Sindinayankhe. Ndinali kudziwa cimene amalume sanali kudziwa, kapena anali kudziwa koma anasankha kundisungira ulemu. Caka cao comaliza, atate anandipeza pakhonde madzulo ena nati, "Mwana wanga, ukalandira undithandizeko ya mabuleki." Ine, ngongole ya ku banki itandidya theka la malipiro, ndinawauza kuti agulitse cabe cimotoka cimeneci, cikungodya ndalama. Anati, "Cabwino." Sanapemphenso. Sanafe pa ngozi ai, anawatenga ndi matenda a shuga. Koma nditagwira citsulo cija m'manja ndinawaona akutsika kamtunda ka pafupi ndi msika, dzanja pa giya, maso pa ana odutsa mseu, tsiku lililonse, osauza munthu.

Ndinakhala pansi pa dothi kwa kanthawi. Amalume anayang'ana kumwamba, kumango osapsa.

Nchito yotsala inali ya thukuta. Pa motoka za masiku ano disiki imangovuka ukacotsa wilo ndi kalipa. Pa 504 inamangidwa kumbuyo kwa habu, ndiye uyenera kucotsa habu yonse, mabering'i ali m'kati. Bauti imodzi inagwira dzimbiri mwakuti tinaithira mafuta, kudya nsima, kubwerako, ndiye inalola. Tinapala dzimbiri pamalo pokhala disiki mpaka kuyera, cifukwa kakhungu kocepa kotsalira kamapendeketsa disiki, ndipo kunjenjemera kwa phazi kumabweranso. Madisiki atsopano amabwera opakidwa mafuta oteteza dzimbiri. Tinawatsuka mbali zonse. Mabering'i tinawadzaza girisi watsopano. Pisitoni ya kalipa tinaikankhira m'kati pang'onopang'ono kuti mapadi atsopano, onenepa, apeze malo. Mbali zonse ziwiri, zonse zatsopano. Ukasintha mbali imodzi, motoka imakokera kumbali ukaponda.

Ca m'ma 15 koloko amalume anatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki. Anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anapita kukagula ena, nati ndiwadikire.

Sindinadikire. Mawilo anali pansi, manati omanga, mtima ukuyabwa. Ndinaliza injini, kuika giya yobwerera m'mbuyo, kusiya kilachi. Nditaponda mabuleki, phazi linapita mpaka pansi ngati ndaponda phala. Motoka sinamve. Ndinakumbukira handibuleki mocedwa: dramu ya madzi ya amai, yodzaza, imene anatunga usiku madzi atabwera, inagubuduka, yadi yonse n'kukhala dambo. Mdzukulu wao wa zaka zinai anali atacoka pa dramu imeneyo mphindi zocepa cabe, ataitanidwa kukasamba.

Ine amene ndimaphunzitsa lamulo la Pascal ndinaiwala kuti mapisitoni tinawabweza m'kati, ndipo uyenera kupopa copondera kangapo kuti mafuta awakankhe mpaka mapadi akhudze disiki. Vidiyo ija inanena zimenezi kumapeto. Kumapeto sindinafikeko.

Amalume atabwera anayang'ana dramu, anayang'ana ine. "Ba Ticha, munapopa?" Amai ndiwo anayankha: "Anapopa dramu yanga."

Tinatulutsa mafuta onse akale. Mafuta a mabuleki amamwa cinyezi ca mumpweya. DOT 4 yatsopano imawira pamwamba pa madigiri 230, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa 155. Ikawira pa mtsetse wautali imacita thovu, thovu limafinyika, ndipo phazi limapita pansi monga linapitira langa, koma kutsogolo kulibe dramu. Tinayambira wilo yakutali kwambiri ndi kabotolo. Ine pa mpando wa atate, amalume pansi ndi kapaipi ndi botolo, akukuwa: "Popa! Popa! Gwira!" Mpaka kunada, mpaka mafuta anayamba kutuluka oyera opanda thovu, copondera cikulimba pansi pa phazi.

Milungu iwiri yotsatira ndinayenda nayo m'tauni, kuponda mofatsa kuti mapadi ndi madisiki zizolowerane, kenako kukapimitsa fitinesi ku RTSA.

Tinanyamuka Lacisanu kusanace. Pa Manenekela ndinabweza giya, yacitatu, pena yaciwiri, kusiya injini igwire motoka, mabuleki n'kumangowakhudza pofika pa kona. Palibe anandiphunzitsa zimenezi. Ndinazionera kumpando wakumbuyo ndili mwana. M'motoka munali zii. Amai anaika dzanja pa dashibodi, pamalo pamene pulasitiki inang'ambika kalekale, ndipo sanalicotse mpaka tinafika pamisika ya pa Luangwa Bridge.

Nditaima ndinatsika, kugwada pa wilo yakutsogolo, kuyandikiza cikhatho osakhudza. Kutentha kunali kofanana mbali zonse ziwiri. Nditadzuka ndinapeza amai akundiyang'ana pa windo.

"Atate ako analinso kucita conco," anatero. Kenako anamasula mfundo ya citenje, kundipatsa ndalama. "Kagule nsomba zouma. Usankhe zazikulu, kumudzi kuli anthu."