Lamba wa ku Hardangervidda

Kuseri kwa chitseko cha chipinda changa kuli kachitsulo kopindika, kotalika ngati chikhatho ndi theka, kokhala ndi ngowe pakati. Adzukulu amakolowekapo zikwama za kusukulu, ndipo iwo amati n'chotsalira cha njinga yakale. Kachitsulo kameneka kanachokera ku Norway. Kwa nyengo ziwiri za chisanu kankakhala kunsi kwa mchombo wanga, kaiti akundikoka pamwamba pa chipale.

Ndinapita kumeneko mu 2003, zaka 40 nditadutsa kale, kukapitiriza maphunziro a zaulimi ku Ås, kum'mwera kwa Oslo. Angapo a ife a ku Bunda tinadutsa njira imeneyo. Chisanu choyamba chinanditsekera m'nyumba. Dzuwa linkatuluka cha m'ma 9 koloko, pofika 3 koloko masana mdima wayamba kale. Mnzanga wina wa komweko, amene tinkapima naye dothi mu labotale, ataona kuti ndikufota, anandiphunzitsa kutsetsereka pa ski m'minda yapafupi. Nditayamba kuima bwino anabwera ndi kaiti.

Sanali ngati uja ana amapanga ndi udzu ndi pepala la pulasitiki. Anali wa nsalu ya nayiloni yosokedwa m'timatumba, mphepo ikalowa amafufuma n'kusanduka phiko, ndipo anali ndi zingwe zinayi zotalika mamita oposa 20. Woyambira anali wamng'ono, wa masikweya mita 3, wogwira ndi timitengo tiwiri. Pakutha pa mphindi khumi mikono inali italema ngati ndaswa mphanje tsiku lonse. Mnzanga uja anati mikono ntchito yake n'kuwongolera basi, kukoka konse kuyenera kupita m'chiuno. Chovala chogwira ntchito imeneyo eni ake amachitcha trapes. Ine ndinkangoti lamba. Ndinamva msanga chimene ankanena chifukwa ndinakulira pa ngolo: goli likakhala lokhota, ng'ombe imatupa khosi ndipo chimanga sichifika kunkhokwe, ngakhale ng'ombeyo ikhale yamphamvu chotani.

Kaiti mnzangayo ankandibwereka, koma lamba amafuna wa thupi lako. Watsopano m'sitolo za ku Oslo sindikanamufika. Ndalama zimene ndinkalandira zinkagawika pawiri, ndipo gawo lalikulu linkapita ku fizi ya ana kumudzi. Ndiye ndinayamba kusaka wogwiritsidwa kale ntchito, pa Finn.no ndi pa timapepala tomata pakhoma la kusukulu.

Woyamba ndinamugula ndi maso. Anali wa m'chiuno mokha, wopanda zomangira m'ntchafu, wakuda ndi mizere yofiira, kumsana kwake kochindikala bwino. Mwini wake anali mnyamata woseweretsa kaiti panyanja m'chilimwe. Tinakumana pa siteshoni, ndinamuyesa pamwamba pa malaya, anandikwana, ndinalipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndi anzanga tinakwera sitima yopita ku Bergen n'kukatsika pa Haugastøl patapita maola pafupifupi anayi. Pamenepo ndi pakhomo pa Hardangervidda, chidikha cha pamwamba pa mapiri, chopanda mtengo ndi umodzi womwe, choyera mpaka pomwe maso alekezera. Ndi kumene Roald Amundsen anatsala pang'ono kutaya moyo mu 1896 akuyesa kuchidutsa ali mnyamata. Anzanga ankakonda kunenanso za Børge Ousland, amene anadutsa Antarctica yekha mu 1996 mpaka 1997, mphepo ikamulola n'kumakokedwa ndi nsalu. Kwa iwo kaiti inali njira ya paulendo, monga matanga kwa asodzi a ku Nkhotakota.

Tsiku limenelo lamba uja anandionetsa zimene sindinafunse pa siteshoni. Pamwamba pa jekete yochindikala ndi yoterera analibe pogwira. Kaiti akakwera pamwamba pa mutu, lamba ankakwera naye, chitsulo n'kudzakhazikika pansi pa nthiti mpaka kupuma kuvuta. Ndikaima n'kumukokera pansi, pakangopita mphindi zochepa wabwereranso. Nsalu yake yofewa, yopangidwira m'madzi, inamwa chinyezi n'kuuma gwaa ngati chikopa cha ng'oma. Zomatira zake zinadzaza chipale n'kusiya kugwira. Madzulo nditavula ndinapeza nthiti zatupa mbali zonse ziwiri. Nditamuyang'anitsitsa pa nyali, ndinaona dzimbiri pomwe ngowe inawotchereredwa ku chitsulo, ndi mchenga wosakanikirana ndi mchere m'kati mwa misoko. Mchenga umenewo umadya ulusi pang'onopang'ono ngati tupa. Mnyamata uja sanandinamize. Ine sindinatembenuze lambayo.

Usiku umenewo ndinakumbukira mayi a kunyumba pa msika wa Mitundu. Jekete yomwe ndinavalayo ndi iwo anandisankhira pa kaunjika ndisananyamuke. Iwo chovala sachiyang'ana kumaso. Amachitembenuza kaye, n'kukoka msoko wa m'khwapa, n'kuyendetsa zipi kawiri katatu, n'kuchiimika padzuwa kuti aone pomwe chapyapyala, kenako n'kuchinunkhiza. Wogulitsa akamafulumizitsa, m'pomwe iwo amachedwera dala. Ndinali nditaima pambali pawo kambirimbiri ndikuona ngati akutaya nthawi. Kuyambira pamenepo lamba aliyense ndinkamugwira monga iwo agwirira malaya.

Wachiwiri anali wa anthu okwera matanthwe. Ambiri pa chidikha chija ankavala otere masiku amenewo, chifukwa ndi opepuka, ali ndi zomangira m'ntchafu zomwe sizilola kuti akwere, ndipo samamwa madzi. Wophunzira wina ankamugulitsa motchipa kwambiri, moti mtima unali utapita kale. Ndinamutembenuza. Kachingwe ka kutsogolo, komwe kamanyamula kulemera konse, kanali katachita ubweya. Kapepala kosonyeza chaka chimene anapangidwa kanali katafufutika. Ndinafunsa kuti ndi wa liti, iye anati naye anapatsidwa ndi mchimwene wake. Ndinafunsa komwe ankasungidwa, anati m'galaja. Opanga zida zokwerera matanthwe, monga Petzl, amanena poyera kuti za nsalu zisapitirire zaka 10 ngakhale zikuoneka zabwino, ndipo asidi wa batire ya galimoto akangodontha pa nayiloni amaiwononga popanda kusiya chizindikiro chooneka bwino. M'galaja ndi momwe mabatire akale amakhala. Ndinamuthokoza mnyamatayo n'kubwerera chimanjamanja. Ndinganene apa kuti lamba wa mtundu umenewu, ngakhale watsopano, kwa munthu wa msinkhu wanga ankafinya ntchafu ndipo msana sankauthandiza konse. Achinyamata odumpha m'malere ankamukonda. Ine ndinkafuna kuyenda mtunda, msana uli bwino.

Wachitatu ndiye amene ndimamukumbuka ndi mtima wonse. Ankagulitsa mayi wina wachikulire wa kufupi ndi Geilo, amene bondo linali litamuletsa masewerawa. Anali lamba wokhalira, wooneka ngati kabudula, wa mtundu wobiriwira wosakongola ndi pang'ono pomwe. Ndisanayambe n'kufunsa komwe, mayiwo anamutembenuza okha, n'kundilozera chingwe chimodzi chomangira chitsulo chomwe chinali chitaperepeseka.

"Ichi musinthe musanapite kuphiri," anatero. "Zinazo yang'anani nokha."

Ndinayang'ana. Misoko ya pomwe zingwe zimalumikizana ndi nsalu inali yathunthu, ulusi wosaduka ndi umodzi womwe. Pansi pa zomangira, pomwe dzuwa silifika, mtundu unali wofanana ndi wa kunja, kusonyeza kuti sanasiyidwe padzuwa. Lamba amene wayera kunja koma m'kati akadali wowala ndiye kuti dzuwa lamudya kale. Zomangira zinali zachitsulo, osati za pulasitiki zomwe zimathetheka kukazizira kwambiri. Ngowe ndinaiyendetsa chala kufuna pokanda, chifukwa kampeni kakang'ono pamenepo kamadula chingwe cha kaiti. Panalibe. Sanalowepo m'madzi amchere, ndipo ankakhala m'kabati m'nyumba.

"Mayi, ndingamuyese?"

"Osati chomwecho. Valani zonse zimene mudzavale kuphiri."

Ndinavala juzi ziwiri, jekete, buluku lochindikala. Ananditengera m'shedi momwe munali chingwe chomangidwa ku mtanda wa denga, n'kuchikola ku ngowe, n'kundiuza kuti nditsamire chammbuyo mpaka thupi lonse lilendewere. Anati ndikhale choncho mphindi zisanu, iwo akukatereka khofi. M'mphindi zisanu zimenezo ndinadziwa zambiri kuposa zonse zimene ndinawerenga. Kulemera kunakhala m'matako ndi m'chiuno. Chitsulo sichinakwere. Chomangira cha ntchafu ya kumanzere chinkatsina, ndinachimasula pang'ono, chinasiya. Ndinadzipotokola uku ndi uku monga kaiti amachitira akakhala chammbali, lamba sanazungulire.

Atabwera anandifunsa za chomasulira. Kaiti wamkulu wa mnzanga, wa masikweya mita pafupifupi 10, ankalumikizidwa ku ngowe ndi kamkombero kokhala ndi chogwirira chofiira chotayira kaiti zinthu zikavuta. Masiku amenewo opanga anali asanagwirizane: zina unkakoka, zina unkakankha. Mayiwo anati kamkomberoko ndikayese pa ngowe iyiyi, thupi likulendewera, magolovesi ochindikala ali m'manja, maso ali chotseka, chifukwa chimene chimamasuka mosavuta pa tebulo chimatha kukana chikalemedwa kapena chikagwira madzi oundana. Anali ndi chifukwa chonenera. Mphepo ikawirikiza kawiri liwiro lake, kukoka kwa kaiti kumawirikiza kanayi, ndipo pa chidikha chija mphepo imasintha munthu usanamalize kuganiza. Nthawi zina msewu wa nambala 7 wodutsa pamenepo umatsekedwa, kapena magalimoto amayenda mondondozana kumbuyo kwa galimoto yokankha chipale.

Mtengo sitinakanganepo. Ndinayamba kunenerera monga timachitira kwathu, iwo anangotchula mtengo umodzi, n'kuchotsapo okha ndalama ya chingwe chija. Kwathu ndimakonda kunenerera, ndipo mpaka lero ndimanenerera, koma wogulitsa amene amayamba ndi kukuonetsa chilema cha katundu wake ndimamulipira zimene wanena.

Ndi lamba ameneyo ndinayenda Pasaka wa 2004 ndi wa 2005. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo dzuwa limakhala litabwerera, chipale chili cholimba, ndipo tinkachoka m'mbali mwa msewu m'mawa n'kuyenda makilomita ambiri osamva phokoso lina kupatula ski pansi ndi mluzu wa zingwe. Tikaona mphalapala za kumeneko patali tinkakhota msanga, chifukwa kaiti amazibalalitsa pa nthawi imene zilibe mphamvu zothamangira. Kamodzi kokha ndinakankha chogwirira chofiira chija mwa mantha enieni, kamvuluvulu atandinyamula n'kuyamba kundikwekwereza kumiyala. Chinamasuka nthawi yomweyo, monga chinkachitira pochiyesa. Kaiti anagwa ngati chitenje, ine ndinatsala nditakhala pansi, mtima ukugunda m'makutu. Patapita zaka ndinamva kuti pa Haugastøl pomwepo anayambitsa mpikisano waukulu wotchedwa Ragnarok, wa makilomita 100 kapena kuposerapo. Nthawi yathu tinkangokhala anthu ochepa, odziwana nkhope.

Lamba woyamba uja sindinamugulitse kwa wina. Ndinamutaya. Wachitatuyu, nthawi yobwerera itakwana, wophunzira wina wa ku Tanzania anamufuna. Ndinamutembenuza monga anachitira mayi aja, ndipo ndinapeza msoko wa chomangira cha ntchafu utayamba kusomphoka, zaka zakenso zinali zitakwana. Ndinamuonetsa mnyamatayo, ndinatenga mpeni n'kudula zingwe zonse kuti wina asadzamutole pa dzala, kenako ndinamuperekeza kukasaka wake, ndi chingwe chokolera ku mtanda m'chikwama. Chitsulo chokha ndicho ndinaika m'sutukesi. Mayi a kunyumba atachiona anachitembenuza, anayendetsa chala pa ngowe, n'kundiuza kuti ndichikhomere kuseri kwa chitseko.