Ngalande ya ku Khola la Nkhuku

Abale anga otsala kumudzi, Loweruka lapitali ndakumba ngalande. Musaseke. Ndikudziwa kuti mukamva zoti munthu ali ku America mumayesa amangokhala pa mpando wandalema n'kumawerenga madola. Ine amene ndinachoka ku Phalombe manja atachita zikang'a ndi mpini ndadzalipezanso dothi kuno, kunja kwa mzinda wa South Bend m'chigawo cha Indiana. Kungoti ngalande yakeyi sinali ya khasu, ndipo chikumbireni mtima wanga sunakhale pansi.

Ndimachita lendi kanyumba pamalo a mkulu wina wachizungu, mlimi wopuma amene akazi awo anatisiya kale ndipo ana awo ali kutali. Pakati pa sabata ndimasamalira okalamba, ntchito imene Amalawi ambiri a kuno timadyera. Loweruka ndikapuma ndimawathandiza tintchito ta pakhomo. Iwo amafuna ndiziwatchula dzina lawo loyamba ngati mnzanga wa kubusa, koma lilime limakana. Munthu wa imvi mbuu ndimuitane bwanji choncho? Mumtima ndimangoti agogo, ndipo muno ndiwatchula motero.

Okutobala wa kuno ndi mwezi wa phuma. Masamba amafiira, ena kuchita chikasu, kenako n'kuyoyoka onse mitengo kutsala mbulanda, ndipo aliyense wokhala ndi chokumba amathamanga kuti amalize nthaka isanaume. Ndati kuuma, koma si kuja kwa dzuwa la kwathu kumene kumang'amba dambo ming'alu ayi. Madzi a m'dothi amaundana ndi kuzizira, nthaka n'kusanduka simenti mpaka cha m'Malichi, moti piki ukaiponya imangodumpha. Tili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndiye mphepo ikaoloka pamadzipo imanyamula chinyezi n'kudzatikhuthulira sinowo, ngati wina wang'amba matumba a ufa kumwamba. Kale ndinkadandaula ndi chiperoni cha mu Juni, ndikunjenjemera pamoto wa zitsononkho. Chiperoni ndi mwana, abale. Pamene ndikulemba pano inu mukupukuta thukuta, nyenje zikulira m'mitengo, mango ayamba kupsa, mukumaliza kugalauza maso ali kuphiri kudikira chizimalupsa. Ine ndavala majuzi awiri.

Chimene agogo ankafuna ndi kupititsa magetsi kukhola la nkhuku, mtunda wa mamita ngati 60 kuchokera kunyumba. Mwamva bwino, magetsi a nkhuku. M'nyengo yozizira madzi a m'chomwera amauma gwa ngati mwala, choncho amaika kachipangizo kotenthetsa kunsi kwake, ndiponso babu loti nkhukuzo ziziyesa kunja kukadali kowala n'kumaikirabe. Nditamva izi ndinaona mayi anga akusoka chigamba ndi kuwala kwa koloboyi, mphuno zitada ndi mwaye. Sindinanene kanthu.

Kuno sungangodzuka n'kuyamba kukumba, ngakhale pakhomo pako. Umayamba waimba foni pa nambala ya 811, masiku awiri a ntchito usanayambe kukumba, ndipo kumabwera anthu, mwaulere, kudzazika timbendera mmene mwadutsa zinthu pansi. Kofiira ndi magetsi, kachikasu ndi gasi, kabuluu ndi madzi akumwa, kaolenji ndi mawaya a foni ndi intaneti. Pansi pa dziko lino pali mitsempha yambiri kuposa ya m'thupi. Kwathu umangofunsa wamkulu wa pamudzi kuti pamene ukufuna kukumbapo sipanali chimbudzi kale.

Makina enieni okumbira ngalande alipo, amawatcha trencher, okhala ndi tcheni cha mano chozungulira ngati sowo yaikulu. Ndi obwereka kutauni, ndipo tsiku limodzi lokha thumba limapepuka, osawerengera ulendo wokatenga ndi wokabweza. Agogo anangopukusa mutu n'kunditengera kushedi. Kuseri kwa matayala akutha kunali chitsulo cha dzimbiri, chosongoka kutsogolo, mapiko awiri uku ndi uku. Ndinachizindikira ngati mbale wako umene wakumana naye pa depoti ya basi. Ndi rija ija yopangira mizere, imene ndinaiona koyamba ikukokedwa ndi ng'ombe kwa amalume ku Mchinji. Kuno dzina lake ndi middle buster, kunena kuti chong'amba pakati, ndipo ena amati pulawo ya mbatata chifukwa amafukulira nayo kachewere. Anaigula yakale pa okushoni ya pafamu ina, pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wobwerekera makina aja tsiku limodzi, ndipo yawatumikira zaka. Pambali pake panali chinzake chotchedwa subsoiler, dzino limodzi lalitali lachitsulo, lopindika ngati chikhadabo cha kabawi. Ilo silitulutsa dothi, limangoling'amba pansi kuti lifewe.

Thirakitala yawo ndi Massey Ferguson 135 yofiira, mtundu umene unapangidwa pakati pa 1964 ndi 1975, yonga zija tinkaziona zikukoka ngolo m'minda ya tiyi ku Mulanje. Kumbuyo kwake kuli mikono itatu yogwirira zida. Iwiri ya m'munsi imakwera ndi kutsika ndi mphamvu ya mafuta, wachitatu uli pamwamba ndipo uli ndi mazinga, umatalika kapena kufupika ukaupotokola. Nzeru imeneyi ndi ya Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland, amene anailembetsa kuboma mu 1926. Agogo amamutchula munthuyu ngati ankamwera limodzi tiyi. Ntchito yonse yagona pa mkono wapamwambawo. Ukaufupikitsa, nsonga ya chitsulo imaweramira pansi n'kuluma dothi. Ukautalikitsa, chimangoseseleka pamwamba ngati khasu lobuntha pa chisala chouma.

Tinalemba mzere ndi penti pakapinga, n'kuyamba ndi dzino lija, maulendo awiri, pa giya yoyamba, liwiro la munthu wopita kumaliro. Kenako tinamanga chong'amba pakati chija. Apa ndiye ndinaima kukamwa kuli yasa. Dothi linkagawikana ngati madzi kutsogolo kwa bwato, lina kumanja lina kumanzere, ngalande n'kumatseguka yokha kumbuyo. Ulendo umodzi sifika patali, mwina chikhatho chimodzi ndi theka, ndiye umabwerezabwereza, matayala atatangadza ngalandeyo, uku ukutsitsa chitsulo pang'onopang'ono. Lamulo la kuno limati waya wa magetsi woyenda m'paipi ya pulasitiki akwiriridwe mainchi 18, omwe ndi masentimita pafupifupi 46. Apo ndi pamene chida chotchipachi chimathera mphamvu, chifukwa dothi lina limagumukira momwemo. Paipi ya madzi ndiye osayerekeza n'komwe, iyo imayenera kupitirira mainchi 36 kuti chisanu chisaipeze n'kuiphulitsa. Chitsulochi ndi cha ngalande zosaya basi: waya, mpita wa madzi a mvula, kapena paipi yothirira dimba imene umaikhuthula dzinja la kuno lisanafike.

Tikadali pa subsoiler ija, chapakati tinamva kuti phwa! Thirakitala inagwedezeka, dzino lija n'kupindikira kumbuyo. Ine mtima unali m'malere, ndimvekere tawononga. Agogo anatsika akuseka, n'kutulutsa bawuti ina m'thumba. Pa chidacho pali bawuti imodzi imene anaipanga yofewa dala, kuti chikagunda mwala kapena muzu ithyoke ndi iyo, thirakitala ipulumuke. Mwala wake tinaufukula ndi mgwala, wobulungira ngati dzungu. Akuti miyala yotere inakokoloka ndi madzi oundana amene anakuta dera lonseli zaka zikwizikwi zapitazo. Ndinauyang'ana ndithu. Nawonso ndi wobwera, ngati ine.

Zotsalazo zinali zanga. Ndinalowa ndi fosholo yopyapyala kuchotsa dothi logumuka ndi kukonza m'mbali mwa khoma mmene thirakitala singafike. Agogo anaima n'kumandiyang'ana, akuti sanaonepo munthu wogwira fosholo chotero. Ndikanawauza chiyani? Tinayala paipi, kulowetsa waya, kukankhira dothi ndi chitsulo chosalazira, n'kuyendetsapo tayala kuti litsendereke. Kulumikiza magetsiwo anadzachita ndi wodziwa ntchito yake. Tinayamba 9 koloko, pofika 2 koloko pamalopo panangotsala chipsera pakapinga.

Ntchito ya mudzi wathunthu, anthu awiri, theka la tsiku. Sindikana, chitsulocho ndi chanzeru ndipo msana wanga unachiyamika. Koma tsiku lonselo panjira sipanadutse munthu wapansi ndi mmodzi yemwe. Magalimoto okha, magalasi otseka. Panalibe woti aime n'kufuula kuti, "Tikumbe nawotu kumeneko!" ife n'kumuyankha kuti abwere. Panalibe mwana wotumidwa ndi ndowa ya thobwa. Phokoso la injini silikulola ngakhale kucheza, umangolankhula ndi manja ngati wapolisi wa pamsewu.

Inu mukudziwa mmene madzi a m'mipopi anafikira kwathu. Zinayambira ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968, kenako m'zaka za m'ma 1970 zinafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe: madzi ochokera m'phiri, oyenda okha m'mapaipi popanda injini. Boma linkabweretsa mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zonse, mitunda ndi mitunda, anakumba ndi anthu a m'midzi ndi makasu awo. Malemu bambo ankasimba kuti mudzi uliwonse unkapatsidwa chigawo chake ndi tsiku lake, zikhomo zitakhomedwa, mfumu ili pomwepo kuona amene wajomba. Ine ndinadzaona ndi maso anga napolo wa mu Malichi 1991 atatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu, nyumba ndi mapaipi omwe. Maliro atatha anthu anabwereranso m'ngalande. Ndinali kamnyamata, ntchito yanga inali kutola miyala. Ndimakumbukira mzere wa makasu ukukwera ndi kutsika pamodzi, amayi ana ali kumbuyo, wina akuyambitsa nyimbo ena n'kuvomera, madala akunyozana kuti chigawo cha uje chakhota ngati njira ya woledzera. Anthu omwe anali atangoika abale awo ankaseka m'ngalandemo.

Kuno amene amandikumbutsako zimenezi ndi a mpingo wa Amish, cha ku Shipshewana, kum'mawa kwa kuno. Iwo amalima ndi akavalo, amayenda pa ngolo, ndipo wina akamamanga khola lalikulu amasonkhana onse. Anthu amapita kukawaona ngati zachilendo. Ine ndinkangoona dima.

Nkhomaliro yathu tsiku limenelo inali buledi muwiri wopana kanyama kozizira, amati sandwich, ndipo tinadya chiimire, titatsamira tayala. Pakhonde la agogo panali maungu atatu akuluakulu, osati odya ayi. Pa 31 Okutobala kuli mwambo wotchedwa Halloween, amawaboola maso ndi mano n'kuyatsamo kandulo, akatha n'kuwataya. Nkhwani zake zimangoolera m'munda, palibe amene amadziwa kuti ndi ndiwo. Kuseri kwa mpanda kuli chimanga chosaoneka malire, koma ndi chachikasu, chonga chija tinkalandira pa njala, ndipo chambiri ndi cha ziweto ndi chopangira mafuta a galimoto. Amakolola ndi munthu mmodzi, ali m'galasi pamwamba pa chimakina, mpaka usiku nyali zili ngwee. Ndinkatafuna buledi uja m'kamwa mukufuna kalongonda, makaka a nandolo, matemba a ku Chilwa othira tomato ndi tsabola pang'ono.

Madzulo ndinafuna kukuimbirani kuti ndikusimbireni zonsezi zikadali zamoto, koma 5 koloko ya kuno n'kuti kwanuko ili 11 koloko usiku. Ndinaphika nsima ya ufa wa m'sitolo, umene sugwirana bwino ngakhale uuvundule chotani, ndi masamba ena olimba otchedwa kale, ndinathiramo chiponde cha m'botolo kuti anamizire kutendera. Ndinadya ndekha, ndikuyang'ana pawindo babu la kukhola kumene nkhuku 12 zinali zitagona.

Achemwali, munandiuza kuti chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023 mpopi wa pamtengo wa mango uja umangotulutsa mphepo. Tsiku limene amfumu adzagawe zigawo zokumba, khomo lathu asalidumphe, ndipo mundijambulire mawu pafoni ndimve makasuwo. Khasu la bambo lija musabwereketse anthu. Mpini wake ndidzasema ndekha ndikabwera.