Kalata kwa Mwana Wanga Wopita ku Maphunziro ku Zomba

Wokondedwa mwana wanga,

Popeza nthawi yakwana yakuti uchoke pakhomo pano ndi kukakhala pakati pa anthu amene sitiwadziwa, kumene sikudzakhala amayi ako okudzutsa m'mamawa kapena ine wokufunsa kumene waswera, ndaona kuti nkwabwino ndikulembere mawu awa, kuti zimene pakamwa pangaiwale m'piringupiringu wa kulongedza, pepala likakukumbutse. Za ndalama ndi zovala amayi ako anena kale mokwanira. Ine ndifuna kukuuza za chiwalo chimodzi chimene wanyamula m'chigaza mwako, ndicho ubongo, chimene ndinaphunzira kuchilemekeza pa zaka zonse zimene ndinatumikira odwala m'zipatala za kumidzi.

Tsiku limene unabadwa, liwombo likali kugunda, ubongo wako unkalemera magalamu osapitirira 400. Pofika zaka 6, pamene tinakuperekeza ku Sitandade 1, unali utafika kale magawo 9 mwa magawo 10 a kukula kwake, ndipo lero ukulemera pafupifupi makilogalamu 1.3, muli maselo a minyewa okwana ngati mabiliyoni 86. Koma usanyengedwe ndi kukula kumeneku, pakuti ntchito ya m'katimo idakali pakati. Mu 1979 dokotala wina wa ku Chicago, Peter Huttenlocher, atawerenga mfundo zimene maselo amenewa amalumikizirana, anapeza chinthu chimene ambiri sanachiyembekezere: mwana wamng'ono ali nazo zambiri koposa munthu wamkulu. Ubongo umayamba wafesa mowirikiza, kenaka nupatulira monga tichitira ndi chimanga chomera chambiri paphando limodzi, kusiya mbewu zamphamvu ndi kuzula zofooka. Ndipo njira zimene munthu amazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndizo zimasiyidwa, pamene zogona zimachotsedwa. Kupatulira kumeneku kukuchitikabe mwa iwe pamene ukuwerenga kalata ino, ndipo zimene udzazolowere m'zaka zinayi zikubwerazi zidzakhala ndi gawo pa chimene chidzatsale.

Chimene ndifuna ugwiritsitse koposa zonse ndi dongosolo la kukhwima kwake. M'zaka za m'ma 1990, Jay Giedd ndi anzake ku America anayamba kujambula ubongo wa ana ndi achinyamata athanzi mobwerezabwereza ndi makina a MRI, onga amene anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo zithunzi zawo zinaonetsa kuti kukhwima kumayambira cha kunkhongo, kumene kuli mbali zoona ndi maso, nkumka kutsogolo pang'onopang'ono, kotero kuti chigawo cha kuseri kwa chipumi ndicho chimatsiriza, cha m'ma zaka 25. Chigawo chimenechi ndicho chimayesa mathero a chinthu munthu asanachichite, chimaletsa dzanja ndi lilime, ndiponso chimapirira lero chifukwa cha mawa. Pamene mbali za m'kati zimene zimakonda zokoma, zachilendo ndi kutamandidwa ndi anzako zimadzuka msanga, munthu akangotha msinkhu. Ngakhale mafuta oyera amene amakuta minyewa kuti uthenga uzithamanga amapitirira kuchuluka mpaka zaka pafupifupi 30, monga anaonetsera mu 2022 akatswiri a ku Cambridge ndi anzawo atasonkhanitsa zithunzi zoposa 100,000 za anthu a misinkhu yonse. Tsono iwe, ndi zaka zako 19, uli ndi nzeru zokhoza mayeso amene ine sindikanawakhoza, koma chokuletsa chako sichinakhwime, makamaka pamene uli pakati pa anzako ndipo mtima watentha. Sindikunena izi kuti ndikupeputse, kapena kuti upeze pothawira ukalakwa, pakuti mlandu wa munthu ndi wake ndithu. Ndikunena kuti pa nkhani zazikulu, za ukwati, za ngongole, za kusiya sukulu, za kubwezera choipa, uzilola usiku umodzi kudutsa ndi kufunsa munthu amene tsitsi lake layamba imvi. Safunsa anadya phula.

Chifukwa chake ndikudandaulira pa za mowa ndi chamba. Ubongo umene ukumangidwabe umavulala msanga koposa wa munthu wokhwima, ndipo madokotala akudziwa kuti woyamba kusuta chamba ali wamng'ono, nachisuta kawirikawiri, amakhala pafupi ndi matenda a misala kusiyana ndi wosasuta. Ine ndinalembapo makalata otumiza anyamata a msinkhu wako ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba komweko, makolo awo akulira pakhonde, ndipo sindifuna kuti dzina lako lidzalembedwe pa kalata yotere. Ugone mokwanira, ngakhale pa nthawi ya mayeso, pakuti m'tulo ndi mmene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana, ndipo wochezera usiku wonse ndi mabuku amataya zambiri mwa zimene amayesa kuti wasunga. Ukakwera njinga yamoto ya kabaza, vala chipewa choteteza mutu, ngakhale anzako akuseke.

Usaganize kuti munthu akafika zaka 25 zonse zatha. Eleanor Maguire, mu 2000, anajambula oyendetsa matakisi a mu London, amene amaloweza misewu zikwizikwi asanalandire chilolezo, napeza kuti mbali ya kumbuyo ya chigawo chosunga chikumbumtima cha malo ndi zochitika, chotchedwa hippocampus, inali yaikulu mwa iwo koposa mwa anthu ena, ndipo inali yaikulu kwambiri mwa amene anakhalitsa pa ntchitoyo. Khama limasiya chizindikiro m'thupi lenilenilo.

Tsopano ndikuuze za mbali ina ya moyo, imene ine ndalowamo ndipo agogo ako afika nayo patali. Kuyambira cha m'ma zaka 40 ubongo wa munthu wathanzi umayamba kuchepa pang'onopang'ono, ngati magawo 5 pa 100 alionse pa zaka khumi, ndipo kuchepako kumafulumira munthu akapitirira zaka 70. Chigawo cha kuchipumi chija, chimene chinatsiriza kukhwima, chili m'gulu la zoyamba kufota, pamodzi ndi hippocampus. Mipata ya madzi ya m'kati imakula, ndipo uthenga umayenda mochedwerapo. Nchifukwa chake agogo ako amatchula maina a adzukulu atatu asanafike pa lako, nafunafuna mpango umene uli kumutu kwawo. Koma maselo ambiri safa ayi mwa nkhalamba yathanzi, ndipo chuma cha mawu, mbiri ya mabanja, malire a minda ndi luso loweruza milandu zimakhalabe, nthawi zina nkumakulabe mpaka zaka za m'ma 60 ndi kupitirira. Makolo athu analibe makina, koma anaona zoona pamene anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chimene chimafulumizitsa kufota ndi kuthamanga kwa magazi kosasamalidwa, matenda a shuga, fodya, uchidakwa ndi kukhala osayenda. Ndipo zambiri mwa izi zimabzalidwa pa msinkhu wako, ngakhale zipatso zake zimaoneka patapita zaka makumi anayi.

Palinso kuiwala kwina kumene si ukalamba wamba koma matenda, pamene munthu asochera m'mudzi mwake momwe, aiwala nkhope ya mwana wake, kapena apezeka usiku pakhomo pa eni asakudziwa mmene wafikirapo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa m'dziko lathu lino nkhalamba zotere zanenedwa ufiti, zina zamenyedwa, zina zatenthedwera nyumba, zina zaphedwa ndi adzukulu amene zinawabereka kumsana, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu ufiti. Munthu wotere ndi wodwala, wofunika kupita naye kuchipatala ndi kumusunga mwachifundo. Iwe ukupita kukaphunzira. Tsiku limene udzamve anthu akunong'onezana za gogo wina wosokonezeka mutu, usadzakhale chete chifukwa cha mantha, koma udzawafotokozere mofatsa ndi mwaulemu zimene ukudziwa, ndipo ngati moyo wake uli pangozi udzathamangire kwa amfumu ndi kupolisi.

Agogo ako sangathe kuwerenga uthenga wa pa foni, koma mawu ako amawazindikira msanga. Uziwaimbira Lamulungu lililonse, uwalole akufotokozere nkhani imodzimodziyo kachiwiri osawadula pakamwa, ndipo ukabwera patchuthi udzayambe wakhala nawo pamkeka usanapite kwa anzako. Amayi ako ndi alongo ako akupereka moni, ndipo Mulungu akusunge pa ulendo wako.

Ndine bambo wako wokukonda.