Mankhwala amamwedwa, amadyedwa kapena amatengedwa?

Abale anga a kumudzi, ndi inu amene mukukonzekera kubwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndikufuna tikambirane za mawu amodzi a Chingerezi, "take". Kusukulu anatiphunzitsa kuti ndi kutenga, basi tinapitirira. Kuno ndaona kuti pa mawu amenewa pamapachikika moyo wa munthu.

Ndimagwira ntchito ku Wolverhampton. Anzanga ambiri apantchito, ngakhalenso agogo amene timawasamalira, amalankhula Chipunjabi. Kuno si zodabwitsa. Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 291,000 ku England ndi Wales amene chilankhulo chawo chachikulu ndi Chipunjabi, ndipo pa zilankhulo zobwera, zoposa icho ndi Chipolishi ndi Chiromaniya zokha.

Usiku wina ndikulandira ntchito, mnzanga wochokera ku Jalandhar, amene anali atangofika kumene, anandiuza za agogo ena kuti "she took it". Ine ndinamva kuti amwa mankhwala. Posintha zofunda m'bandakucha ndinapeza piritsi litamangidwa pakona ya chunni, kansalu kamene amayi achipunjabi amafunda kumutu, monga mmene agogo athu amamangira ndalama pansonga ya chitenje. Agogowo amaiwalaiwala, ndipo anasunga piritsilo ngati chinthu cha mtengo wapatali. Mnzangayo sananame. Iwo analandiradi piritsi m'manja mwake n'kuliyandikiza kukamwa, iye n'kutembenukira kwa wina amene ankaitana. Tinakanena kwa namwino, zonse zinakonzedwa, koma mtima wanga sunakhazikike kwa masiku angapo.

Taganizani mmene zimakhalira kwathu. Kuchipatala cha kumudzi amakupatsa mapiritsi m'kajumbo, n'kunena kuti, "Muzimwa awiri m'mawa, awiri madzulo." Munthu akati wakatenga mankhwala, tonse timadziwa kuti ali m'thumba. Akati wamwa, ali m'mimba. Gadiyani amene wagona pansi pa bedi la mayi ake kuchipatala cha Queens sangasokoneze ziwirizi, ngakhale sanapiteko kusukulu. Kuno kuli pepala lotchedwa MAR chart, pamene timasaina mankhwala alionse, ndipo pali zilembo zosonyeza kuti wodwala wakana kapena wagonekedwa m'chipatala. Dongosolo limeneli ndimalilemekeza, ndipo ndimalakalaka litafika m'zipatala zathu zonse. Koma pakamwa, popatsirana ntchito, kulandira ndi kumeza zonse zimabisala m'mawu amodzi omwewo.

Titakhala pansi kumwa tiyi, mnzangayo anandifotokozera kuti kwawo piritsi amadya. Amati "dawai khani", kudya mankhwala, ndipo akakhala amadzi m'pamene amati "peeni", kumwa. Mawu oti kutenga ndi "laina", ndipo nawonso amatha kuwanena pa mankhwala, koma akafuna kutsimikiza amafunsa kuti "kha lai?", adya? Iye anadabwa kumva kuti ife timamwa ngakhale piritsi louma. Ine ndinadabwa kumva kuti iwo fodya amamwa, pamene ife timasuta.

Kudya kwawoko kumafika patali. Munthu akamenyedwa amati wadya zibakera, akalumbira amati wadya lumbiro, akapusitsidwa wadya chinyengo. Atafika pa "paise kha gaya" ndinamudula mawu, chifukwa pamenepo anali atalankhula Chichewa chenicheni: wadya ndalama. Kwawonso wa mu ofesi akasowetsa ndalama za anthu amati wadya.

Pa mayeso m'pamene anzathuwa amavutika kwambiri. M'Chipunjabi wophunzira amapereka mayeso, "paper dena", ndipo mphunzitsi ndiye amatenga. Ndiye mtsikana akanena kuti mawa "I am giving exam", Mngelezi amaganiza kuti iyeyo ndi woyesa anzake, chifukwa kuno wophunzira ndiye amachita "take", kapena "sit". Ife timalemba mayeso, ndipo tikanena kuti "I wrote my exams", ena kuno amayesa kuti ndife amene tinakonza mafunso. Ndikulangizeni amene mukukonzekera mayeso a IELTS: musaloweze "take" payekha. Lowezani pamodzi ndi mnzake woyenda naye, wa mankhwala, wa basi, wa chithunzi, wa kusamba, chifukwa kulikonseko Chichewa chili ndi mneni wakewake, kumwa, kukwera, kujambula, kusamba, ndipo Chipunjabi nachonso chimodzimodzi. Chithunzi iwo amakoka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ena akamva mnzanga akuti agogo "ate her tablets", amamukonza msangamsanga ngati mwana wa sitandade 2. Inde, pa pepala tilembe Chingerezi chovomerezeka, chifukwa adzawerenga ndi dokotala. Koma cholakwa chakecho chimanena zoona kuposa chiganizo cholondolacho. Wamva "ate" sangakayike kuti piritsi lili kuti.

Palinso ulemu. Chipunjabi chili ndi "tu" ndi "tusi", ngati iwe ndi inu, ndipo wamkulu amamuwonjezera "ji". Mawu oti "take your tablets" alibe malo oikapo zimenezi, ndipo kwa agogo amene Chingerezi chawathawa ndi ukalamba amamveka ngati lamulo la msilikali. Ndinapempha mnzangayo kuti andiphunzitse, ndipo tsopano ndikafika pa agogo aja ndimagwada pambali pa mpando, ngati mmene ndinkachitira kwa agogo anga ku Ntcheu, kapu ya madzi m'manja awiri, n'kunena kuti, "Bibi ji, dawai kha lao." Amandiyang'ana, amamwetulira, amatsegula pakamwa. Ndimadikira mpaka ameze, kenako ndisaine.

Popatsirana ntchito, ine ndi mnzangayo tinagwirizana zathuzathu. Iye amandifunsa m'Chichewa kuti, "Amwa?" Ine ndimamuyankha m'chilankhulo chake kuti, "Kha lai."