Tsiku limene Victoria Avenue inandionetsa Chichewa pa shelefu

Kwathu ku Fonte Boa buku si katundu wa m'sitolo. Limabwera ndi abambo a ku mishoni kapena limagawidwa kusukulu, ndipo ukalilandira umalikutira bwino kuti lidzafike kwa mng'ono wako. Ku Ulongwe mapapelariya alipo ndithu, koma zodzaza m'menemo ndi makope, zolembera ndi makina a fotokope. Ansembe a Chijezuwiti anatsegula mishoni yathu mu 1945, atakhazikika kale ku Lifidzi, ndipo a chipani chawo ndiwo anatolera mawu a makolo athu m'dikishonale ya Chinyanja ndi Chipwitikizi imene inasindikizidwa ku Lisboa mu 1963. Ngakhale zili choncho, ambirife tinakula tikuyankhula Chichewa pakhomo n'kumawerenga Chipwitikizi m'kalasi. Chichewa cholembedwa tinkakumana nacho Lamulungu, m'buku la nyimbo ndi la mapemphero.

Ndiye mundimvetse ndikamati Blantyre yanditenga mtima. Ndinapitako koyamba chaka chino ndi amalume, pa lole ya mbatata ya kachewere, kudzera pa Biriwiri, Ntcheu, Zalewa ndi Lunzu. Matumba atatsitsidwa, iwo anatsala akuwerengera ndalama ndi ogula, ine n'kulowa m'tauni wapansi.

Sitolo yoyamba imene ndinalowa inali ya CLAIM, bungwe la mipingo losindikiza ndi kugulitsa mabuku lomwe linayamba mu 1968, chaka chomwenso boma la Malawi linakweza Chichewa kukhala chinenero cha dziko. Chinandilonjera ndi fungo la mapepala atsopano. Kenako maso anagwera pa Mabaibulo: Buku Lopatulika, lija linatuluka koyamba lathunthu mu 1922, ndi Buku Loyera la mu 1998, atayalidwa moyandikana, ena a chikuto cholimba, ena a zipi. Kupitirira pang'ono, mabuku a nthano, a miyambi, a galamala, a ana a sitandade 1 okhala ndi zithunzi za nkhuku ndi mphika. Lililonse linali ndi kapepala ka mtengo kumbuyo. Kapepalako ndi kamene kanandigwedeza. Chinenero chimene agogo amakalipira nacho mbuzi, wina anachilemba, wina anachikonza, wina n'kuchisindikiza, ndipo lero munthu akutulutsa makwacha ake kuti apite nacho kwawo.

"Takulandirani bambo, tikuthandizeni chiyani?" anatero mayi wa pa kauntala.

"Ndikungoona, mayi."

"Onani ndithu, musafulumire. Kwanu n'ku Ntcheu eti? Ndamvera mayankhulidwe."

"Kutsidya kwa msewu, mayi, ku Angónia."

Anaseka mokoma n'kunena kuti amenewo ndi abale, pajatu msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu ndiwo malire. Sananame. Pa nkhondo imene inatha mu 1992 makolo athu ambiri anathawira kumeneko, ndipo ena mwa achimwene athu anaphunzira kuwerenga m'sukulu za ku Malawi.

Nditatuluka ndinatsata Victoria Avenue kuchokera kumtunda, pa hotela ya Mount Soche, kutsetsereka mpaka ku Boma lakale ndi holo ya tauni ya mu 1903. Msewu umenewu umakuuza mbiri ngakhale usanafunse. Tauniyi inamera pambali pa mishoni ya Asikoti ya mu 1876 ndi kampani ya African Lakes, imene nyumba yake ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo. Mayina a misewu yoyandikana nawo akusonyeza mmene nthawi zinasinthira: Glyn Jones anali bwanamkubwa womaliza wachitsamunda, Haile Selassie anali mfumu ya ku Ethiopia, Hannover ndi mzinda wa ku Germany umene unapalana ubwenzi ndi Blantyre. M'nthawi ya Kamuzu nyumba zokalamba zinkapakidwa nyenyezi yofiira, chizindikiro chakuti zigwetsedwe. Kenako kunabwera msika wamakono wa ku Chichiri, ndipo ogula okhala ndi magalimoto anayamba kukhotera kumeneko. Lero ukayenda mu Victoria Avenue ukuona mabanki, maofesi a inshuwalansi, mosinthira ndalama ndi ogulitsa mayunitsi.

Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pa benchi anandilozera chakumene kunali Times Bookshop. Akuti mwezi ukatha, kalaliki ankalandira malipiro n'kuyamba walowa m'menemo asanakwere basi. Anatchulanso Malawi Book Service, imene inkafikitsa mabuku m'sukulu za dziko lonse isanatsekedwe. Sanabise kuti masiku amenewo analinso ndi mdima wake: lamulo la mu 1968 linapatsa bungwe lounika mabuku mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinachikonde, ndipo mabuku ambiri sankafika n'komwe pa shelefu. Iye ankalankhula modandaula kuti zabwino zinapita. Ine ndinkamvetsera mwaulemu, koma mumtima sindinavomereze zonse, chifukwa zimene iye amazitcha zotsalira, kwa ine zinali zokolola zoti nkhokwe sizingakwane.

Masitolo amene apirira, monga CLAIM, Maneno ndi Grey Matter, amapuma ndi mapapo a sukulu ndi tchalitchi. Kholo limabwera ndi kapepala kochokera kwa aphunzitsi, ligula buku la silabasi, basi lapita. Ena amaona ngati pamenepo pachepa. Ine ndikuti buku la mayeso ndi limene likulipira lendi kuti buku la ndakatulo lipeze pokhala pakona, ndipo mwana wobwera kudzagula masamu tsiku lina adzatambasula dzanja n'kutenga linalo.

Kumene ndinakhalitsa kwenikweni ndi pakhonde la sitolo ina, kwa mnyamata woyala mabuku akale pa katoni. Mavenda anachotsedwa m'misewu mu 2006, koma mabuku anapeza njira yobwerera. Pakati pa mabuku a sayansi othothoka zikuto ndinapeza Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene linatuluka mu 1933 ndipo chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chingerezi. Mapepala ake anali ofiirira, m'mphepete muli zolemba za pensulo za mwana wasukulu amene ankakonzekera mayeso, ndipo tsamba lina linamatidwa ndi selotepi. Ku Nkhoma n'kufupi ndi kwathu kuposa ku Tete. Midzi, maukwati ndi milandu ya m'bukumo ndi zimene ndinakula ndikuziona, koma palibe anandiuzapo kuti zinalembedwa agogo anga ali ana.

"Achimwene, ili ndi lomaliza, musalisiye," anatero mnyamatayo. Sindinanenerere mtengo.

Ku Mozambique maphunziro a zinenero ziwiri anayesedwa koyamba m'ma 1990, ndipo Chinyanja cha ku Tete chinali m'gulu loyambalo. Ana athu tsopano akutha kuwerenga chinenero chawo, koma akatuluka m'kalasi alibe choti awerenge. Malole a mbatata amabwerera ku Angónia opanda kanthu, mwina atanyamula sopo ndi shuga. Ndapangana ndi amalume kuti ulendo wamawa tidzaikamo katoni ya mabuku a Chichewa, ndipo ndikayala pa msika wa ku Ulongwe, pafupi ndi ogulitsa makope, mtengo wake m'mametikali.